Kukonzekera za kukoleji uli kusekondale: njira zimene zilipo ndi amene zimamuyenera

Chaka chilichonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, funso loyamba limene makolo ndi achibale amafunsa mwana ndi lakuti wapeza mapointi angati. Funsoli ndi lomveka, koma lazolowereka kwambiri moti limaphimba lina lofunika kuposa ilo, lakuti mapointiwo achokera m'maphunziro ati. Pamayesowa phunziro lililonse limapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, pamene 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wophunzira wachita bwino, n'chifukwa chake wa mapointi 6 amatchuka dziko lonse. Komabe mwana wa mapointi 14 amene alibe kirediti ya masamu angathe kupeza kuti mapulogalamu ambiri amene ankawasirira sangawalembe n'komwe, pamene mnzake wa mapointi 20 amene wakhoza bwino masamu, Physics ndi Chemistry ali ndi zambiri zoti asankhepo.

Pachifukwa chimenechi nkhani yopita kukoleji imagamulidwa kale wophunzira asanaone fomu yofunsira malo. Imagamulidwa poyamba Folomu 3, pamene ophunzira amasankha maphunziro amene adzalembe pa MSCE. Ambiri amasankha potsatira anzawo, kapena pothawa mphunzitsi amene amamuopa, kapenanso pomva kuti phunziro lakuti ndi losavuta ndipo limatsitsa mapointi. Amene wasiya Physics kapena Chemistry pa nthawi imeneyi amakhala atasiyanso uinjiniya, udokotala, zamankhwala ndi maphunziro ambiri a sayansi, ngakhale iye sakudziwa. Tiyenera kuvomereza kuti si onse amene amasiya mwakufuna kwawo. Sukulu zambiri zoyendera za m'madera, zimene timazitcha ma CDSS, zilibe labotale, ndipo zina zilibe mphunzitsi wa maphunziro amenewa. Kholo limene mwana wake ali pasukulu yotere ndipo akuonetsa luso pa masamu lichita bwino kufunsa aphunzitsi aakulu mwanayo akadali Folomu 2, chifukwa kupempha malo pasukulu ina kapena kupeza womuthandiza mwapadera ndi kotheka nthawi imeneyo, koma pa Folomu 4 madzi amakhala atafika kale m'khosi.

Njira imene pafupifupi aliyense amaifuna ndi ya mayunivesite a boma, amene alipo asanu ndi imodzi. University of Malawi, imene idayamba kuphunzitsa mu 1965, idagawidwa mu 2021: Chancellor College ya ku Zomba idatsala ndi dzina la UNIMA, Polytechnic ya ku Blantyre idakhala MUBAS, ndipo College of Medicine pamodzi ndi Kamuzu College of Nursing zidapanga KUHeS. Kuwonjezera apo pali Mzuzu University, LUANAR imene likulu lake lili ku Bunda, ndi MUST ya ku Thyolo imene idalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Wophunzira safunsira malo ku iliyonse payokha. Amalemba fomu imodzi kudzera ku bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite la NCHE, n'kundandalika mapulogalamu amene akufuna motsata mmene akuwakondera. Chofunika choyambirira ndi makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi, koma pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imayang'ana, ndiponso giredi imene imafuna pa phunziro lililonse. Mu 2020 boma lidalengeza kuti lathetsa njira ya kota, yogawa malo potengera boma limene munthu amachokera, choncho chimene chatsala ndi mpikisano wa magiredi pa malo ochepa.

Ubwino wa njira imeneyi ndi woonekeratu: fizi ndi yotsika poyerekeza ndi ya sukulu zomwe si za boma, mapepala ake amadziwika kwa olemba ntchito, ndipo maphunziro ena, monga a udokotala ku KUHeS kapena a matenda a ziweto ku LUANAR, ndi kumeneko kumene amapezeka. Vuto lake n'lakuti okwaniritsa zofunika amachuluka kutalitali kuposa malo, kotero kukhala ndi makirediti asanu ndi imodzi kumangokulola kulowa mumpikisano, osati kukupatsa malo. Apa ndi pamene ophunzira anzeru ambiri amalakwitsa. Amadzaza fomu yonse ndi mapulogalamu otchuka okhaokha, amene amatenga anthu a magiredi apamwamba kwambiri, ndipo akalephera pa loyamba amalepheranso pa otsatira onse chifukwa onsewo amafuna anthu amodzimodzi. Ena amachita zosiyana ndi zimenezi: poopa kutsala, amalemba pulogalamu iliyonse imene amva kuti anthu saifuna, n'kukakhala zaka zinayi akuphunzira chinthu chimene mtima wawo sulipo. Mmene ndimaonera, fomu yabwino imayamba ndi chimene wophunzira akuchifunadi ndipo magiredi ake akuchifikira, kenako n'kutsikira ku mapulogalamu oyandikana nacho amene mpikisano wake ndi wocheperako. Wofuna uinjiniya, mwachitsanzo, angaikenso uphunzitsi wa sayansi kapena maphunziro a ulimi wothirira m'malo mobwereza mitundu ya uinjiniya mpaka fomu kutha. Ndi bwinonso kudziwa kuti maphunziro ena salowedwa mwachindunji kuchokera ku Folomu 4. Kwa zaka zambiri, wofuna zamalamulo ku Zomba amayamba walowa pulogalamu ina, n'kudzafunsira za malamulozo atakhoza bwino chaka choyamba.

Kusankhidwa sikuthetsa nkhani ya ndalama. Bungwe la HESLGB, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2015, limapereka ngongole kwa ophunzira osowa, koma ngongoleyo imafunsiridwa payokha, siperekedwa kwa aliyense, ndipo imabwezedwa munthu akamaliza maphunziro. Malo ogona a pasukulu sakwanira onse, moti ambiri a ku UNIMA amachita lendi ku Chikanda, a ku Mzuzu amafuna nyumba cha ku Luwinga, ndipo lendi ndi chakudya zimatha kupweteka banja kuposa fizi yeniyeniyo. Banja limene layamba kuikiza kangachepe mwana ali Folomu 3 silidzagulitsa mbewu yosakhwima mwanayo akadzaitanidwa.

Mayunivesite omwe si a boma ndiwo njira yachiwiri, ndipo ambiri mwa odziwika ndi a mipingo: University of Livingstonia, Catholic University of Malawi ya ku Nguludi imene idatsegulidwa mu 2006, Malawi Adventist University, Nkhoma University, African Bible College, Daeyang University ndi ena. Kumeneku munthu amafunsira malo mwachindunji, mpikisano wa magiredi ndi wocheperako, ndipo wophunzira amakhala ndi mwayi waukulu wolowa pulogalamu imene akuifunadi m'malo mwa imene yamugwera. Chimene chimasiyanitsa njirayi ndi ya boma ndi mtengo, ndipo mtengowo uyenera kuwerengedwa wa zaka zinayi zonse, osati wa teremu yoyamba yokha. Palibe chopweteka ngati kusiya digiri pa chaka chachitatu, ndalama zambiri zitapita kale koma pepala palibe. Chinthu china chimene kholo lisachitire manyazi ndi kufunsa ngati NCHE idavomereza sukuluyo, komanso ngati idavomereza pulogalamu yeniyeniyo imene mwana akufuna, chifukwa ziwirizi sizofanana: sukulu itha kukhala yovomerezeka pamene pulogalamu yake ina sinavomerezedwe. NCHE imasindikiza mndandanda wa zovomerezeka, ndipo ngongole za HESLGB zimafikanso kwa ophunzira a sukulu zomwe si za boma pokhapokha zikakhala zovomerezeka. Wofuna unamwino kapena ntchito ina ya zachipatala afunsenso ngati Nurses and Midwives Council of Malawi kapena Medical Council of Malawi imazindikira maphunzirowo, popeza popanda chiphaso cha mabungwewa munthu sangagwire ntchito m'chipatala ngakhale atakhala ndi digiri.

Pali njira yachitatu imene mabanja ambiri amaiona ngati ya olephera, pamene kwa ophunzira ochuluka ndiyo yanzeru kuposa zonse: makoleji a dipuloma ndi satifiketi. Pa zaumoyo pali Malawi College of Health Sciences, imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba, komanso makoleji a zipatala za mipingo pansi pa CHAM, monga a ku Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa ndi Holy Family ku Phalombe. Pa zaulimi pali Natural Resources College (NRC), imene tsopano ili pansi pa LUANAR. Owerengera ndalama ali ndi Malawi College of Accountancy ndi mayeso a bungwe lawo la ICAM, amene munthu angathe kuwalemba pang'onopang'ono akugwira ntchito. Ofuna uphunzitsi wa kupulayimale amapita kumakoleji a TTC monga a ku Lilongwe, Kasungu, Karonga, Machinga ndi Blantyre, pamene Domasi ndi Nalikule amaphunzitsa aphunzitsi a kusekondale. Maphunziro ambiri otere amatenga zaka ziwiri kapena zitatu, amaloza ku ntchito yodziwika, ndipo samutsekera munthu digiri, chifukwa mayunivesite amalandira anthu a dipuloma amene agwirako ntchito, ndipo ena amaphunzitsa munthu ali kwawo kudzera m'ndondomeko ya ODeL.

Ndikayerekeza njirayi ndi kulowa yunivesite ya boma pa pulogalamu imene munthu sakuifuna, ine ndimakondera dipuloma ya ntchito imene munthu akuikonda. Mnyamata amene wakhala akufuna zachipatala kuyambira ali mwana adzapita patali ngati ayamba ndi dipuloma ya zachipatala n'kudzawonjezera pambuyo pake, kusiyana ndi kukhala zaka zinayi pa digiri imene adailemba pongodzaza mpata pa fomu. Koma pali chenjezo limene siliyenera kubisidwa. Ntchito zambiri za uphunzitsi ndi unamwino zimadalira boma kulemba anthu, ndipo pakhala zaka zimene omaliza maphunzirowa adikira nthawi yaitali asanatumizidwe kukayamba ntchito. Wosankha njirayi aidziwe nkhani imeneyi asanalowe. Adziwenso kuti makoleji a zaumoyo nawo amafuna makirediti a sayansi, choncho amene adathawa Biology ndi Chemistry pa Folomu 3 adzapeza kuti nakonso kulibe malo ake.

Zantchito zamanja zimayendetsedwa ndi TEVETA, imene imatumiza ophunzira kumakoleji monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, kuphatikizapo makoleji a m'madera amene boma lidayamba kutsegula mu 2015. Zamagetsi, zomangamanga, ukalipentala, kuwotcherera zitsulo, kukonza galimoto ndi kuika mipope ya madzi ndi ntchito zimene munthu angadzilembe yekha tsiku limene wamaliza, chinthu chimene digiri zambiri sizingalonjeze. Njirayi imamuyenera amene manja ake amagwira zinthu, ndipo kholo limamudziwa mwana wotere popanda kudikira zotsatira za MANEB.

Funso limene limavuta mabanja kwambiri zotsatira zikatuluka ndi lakuti mwana abwereze kapena apitirire ndi zimene wapeza. Kubwereza kuli ndi phindu pamene chosowa chikudziwika bwino. Amene wakhoza zonse koma Chingerezi wapeza 7 alibe njira ina yabwino, popeza popanda kirediti ya Chingerezi sangalowe yunivesite, ndipo makoleji ambiri a dipuloma nawo amaifuna. N'chimodzimodzinso amene masamu okha ndiwo amulepheretsa, kapena amene adadwala kapena kuferedwa pa nthawi ya mayeso. Wotere angalembenso ngati wophunzira wapadera kapena kulowa sukulu ya open, ndipo chaka chimodzicho sichinatayike. Koma amene wapeza mapointi 24 ndipo akufuna kubwereza kuti angowatsitsa, osadziwa phunziro limene akulimbana nalo kapena pulogalamu imene akuilondola, kawirikawiri amabwerera ndi zotsatira zosasiyana kwenikweni ndi zoyamba, atawononga fizi ndi chaka. Asanaganize zobwereza, wophunzira awerenge bwino chilengezo cha NCHE choitanira ofunsira malo cha chaka chimenecho, chifukwa chimatchula zaka za mayeso zimene zikuloledwa ndi mmene amaonera zotsatira za amene adalemba kangapo. Akumbukirenso kuti kulembetsa mayeso ku MANEB kumatsekedwa miyezi yambiri mayesowo asanafike, choncho maganizo obwereza safuna kuzengereza.

Njira yopita kunja ndiyo imafuna kukonzekera koyambirira kuposa zonse, ndipo ndiyo imene anthu amaimvetsa molakwika kwambiri. Mayunivesite ambiri a ku Britain ndi ku South Africa amaona MSCE ngati yofanana ndi O-level, gawo lotsika la mayeso a kusekondale a ndondomeko ya ku Britain, choncho payokha siikwanira kulowera digiri. Amafuna A-level, imene ndi gawo lapamwamba la mayesowo, kapena chaka chokonzekera, kapena umboni wakuti munthu waphunzirako kale kuyunivesite. A-level imaphunzitsidwa m'sukulu zochepa monga Kamuzu Academy ku Mtunthama ndi St Andrew's ku Blantyre, pamene Bishop Mackenzie ku Lilongwe imatsata ndondomeko ina yapadziko lonse yotchedwa IB, ndipo fizi ya sukulu zimenezi mabanja ambiri sangaikwanitse. Ofunsira ku Britain amadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a m'dzikolo, kumene tsiku lotsekera mapulogalamu ambiri limakhala mu Januwale, koma la udokotala ndi la Oxford ndi Cambridge limakhala pakati pa Okutobala.

Ku America zinthu zimayenda mosiyana kwambiri ndi kwathu kuno. Kumeneko sayang'ana mayeso omaliza okha. Amafuna zotsatira za zaka zonse za kusekondale, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, nkhani imene wophunzira walemba yofotokoza za moyo wake, ndiponso zimene wachita kunja kwa kalasi, monga kutsogolera kalabu, kuthandiza kumudzi kapena kuyendetsa kabizinesi. Sukulu zina zimafunanso mayeso a SAT. Izi zikutanthauza kuti malipoti a teremu a Folomu 1 ndi 2, amene ambiri amawataya kapena kukulungira zinthu, amasanduka mapepala ofunika, ndipo mphunzitsi amene adzalembe kalata ya umboni ayenera kukhala womudziwadi mwanayo, osati wongomuona pamzere. Mafomu ambiri amatsekedwa pakati pa Novembala ndi Januwale, ndipo maphunziro amayamba mu Ogasiti wotsatira, choncho wolemba MSCE pakati pa chaka amakhala ndi miyezi yochepa chabe zotsatira zikatuluka. Uphungu waulere umapezeka ku EducationUSA, nthambi ya ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe. Palinso thandizo la Mastercard Foundation, limene limalipirira ophunzira osowa koma anzeru m'mayunivesite ena a mu Africa muno ndi kunja, komanso African Leadership Academy ya ku Johannesburg imene imatenga achinyamata kwa zaka ziwiri zokonzekera yunivesite.

Popanda thandizo lokwanira, kunja ndi njira yoopsa kwa banja limene limapeza ndalama zake m'makwacha. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo makolo amene ankalipira fizi m'madola kapena m'marandi adadzuka ngongole yawo itakula mwadzidzidzi, osanenanso za kuvuta kopeza ndalama zakunjazo kubanki. Thandizo limene limalipira fizi yokha, kusiya ulendo, malo ogona ndi chakudya, liyenera kuwerengedwa mofatsa. Ndipo aliyense amene akuitanitsa ndalama kuti akupezereni sikolashipu ayenera kukayikiridwa, chifukwa mapulogalamu enieni amalengezedwa poyera ndipo wophunzira amafunsira yekha. Wofuna kunja asasiye kulemba fomu ya NCHE, popeza njira ziwirizi sizitsutsana, ndipo chaka chimodzi cha kuyunivesite ya kuno chimatha kumuthandiza pofunsira kunjako.

Zonsezi zikabwera pamodzi, ntchito ya wophunzira wa Folomu 3 ndi 4 ndi kukhala ndi njira ziwiri kapena zitatu zimene wazifufuza mokwanira, osati imodzi yokha imene akuipempherera. Chilengezo cha NCHE cha chaka chathachi chimapezeka pa intaneti ndi m'nyuzipepala, ndipo zofunika pa pulogalamu iliyonse sizisintha kwambiri chaka ndi chaka. Wophunzira amene wachiwerenga akuyamba Folomu 3 amadziwa kuti pa pulogalamu imene akuifuna, giredi 3 ya masamu ndi yofunika kuposa giredi 1 ya phunziro limene pulogalamuyo siliyang'ana, ndipo nthawi yake yowerenga amaigawa moyenera. Aphunzitsi a m'sukulu za kumudzi angathandize kwambiri posindikiza chilengezochi n'kuchipachika pabolodi, chifukwa ana ambiri a kumeneko amamva za mapulogalamu atatu kapena anayi okha, pamene alipo ochuluka zedi amene mayina awo sadawamvepo.

Chomaliza ndi mapepala, chinthu chooneka chaching'ono chimene chimalepheretsa anthu chaka chilichonse. Dzina limene mwana walembetsa pa JCE ndi pa MSCE lifanane ndendende ndi limene lili pa chitupa cha unzika cha NRB, chimene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16, ndipo tsiku lobadwa likhalenso limodzi. Kwathu kuno n'zofala kuti mwana alembedwe ndi dzina la bambo kupulayimale, la malume amene akumulipirira fizi kusekondale, ndi la agogo pa chitupa, ndipo kusiyana kumeneku kumadzavuta pofunsira malo, pofunsira ngongole ndi potenga pasipoti. Kukonza dzina nthawi yolembetsa mayeso isanathe ndi nkhani ya tsiku limodzi ku ofesi ya aphunzitsi aakulu, koma satifiketi ikatuluka pamafunika malumbiro ndi maulendo. Wophunzira asunge nambala yake ya mayeso, akhale ndi imelo yakeyake imene akukumbukira chinsinsi chake, ndipo pafomu alembe nambala ya foni imene idzakhale ikugwirabe ntchito patapita miyezi isanu ndi umodzi, osati ya mnzake wa kuhositelo amene adzasiyane naye tsiku lotsekera sukulu.